Mchenga m'mpunga: za gawo la 7 la sewero lomwe tinkafa nalo pa babashopu

Ntchito yanga ndi yometa. Kashopu kanga kali pa boma pano pa Nkhotakota, ukangopatuka pang'ono mu msewu wa M5 kulowera chakumsika. Muli mipando iwiri, benchi imodzi, kalilole wong'aluka pakona, ndi sikirini yaing'ono yolumikiza ku batire la sola. Sikiriniyo musaiyese chokongoletsera, ndi nyambo. Munthu akasuzumira n'kupeza anthu anayi ali pa benchi, chomwe chimamugwira kuti asawolokere kwa mnzanga wa tsidya la msewu si dzanja langa ayi, ndi chomwe chikuoneka pa sikirinipo. Tsiku la mpira ndimaika mpira. Masiku ena onse ndimaika masewero a nthabwala. Choncho ndikamakamba za sewero, ndikukamba ngati munthu amene amadyerapo.

Sewero lomwe ndikunena ndi lija la pa mdadada wa nyumba za lendi m'tauni: landilodi wouma manja, mkazi wake wapakamwa, mlonda wokonda tulo, ndi matenanti anayi osalipira pa nthawi yake. Dzina lake sinditchula. Amene mumalionera mwalizindikira kale, ndipo amene simulidziwa sindikufuna ndikhale ine wokutumani kukalisaka musanamve zomwe ndinene. Linayambira pa kanema, koma kuno ambiri timalipeza kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu. Ine ndinapereka K1,500 kwa mnyamata wina kumsika, n'kundiikira magawo khumi pa fulashi. Gawo lililonse limatenga mphindi 25 kapena 26, mulingo wabwino kwa wometa: mitu iwiri ya panki, kapena itatu ya mpala.

Ndiyambe ndi zokoma, chifukwa zilipo zambiri ndipo kuzibisa kungakhale kuba. Amene amalemba sewero limeneli anakhalapo pa lendi, sanachite kuuzidwa. Amaudziwa mkangano wa yemwe akolope bafa Loweruka. Amaidziwa bilu ya madzi yomwe imagawidwa mofanana pomwe banja lina lili ndi ana asanu ndi awiri ndipo mbeta ya pakona imasamba kawiri pa sabata. Amawadziwa mayunitsi a magetsi amene amatha pakati pa mwezi aliyense akulumbira pali Mulungu kuti alibe ayironi. Chichewa chawo ndi cha pakhonde, osati chija cha m'masewero a mabungwe chomwe munthu amayankhula ngati akuwerenga chikwangwani cha ku sikelo ya ana. Bambo amene amasewera ulandilodi ndi katswiri, izi ndinena ngakhale ndili naye chifukwa. Ali ndi kachizolowezi kogwira thumba la shati wina akangotchula ndalama, ngati mtima wamubaya, ndipo anthu pa benchi panga anafika pomatsanzira. Ndikanena kuti kumeta ndakweza, msodzi amagwira thumba la shati n'kutsinzina, shopu yonse phwete. Mlonda naye ndi dolo. Sayankhula zambiri, amangodzidzimuka nkhani itatha kale n'kufunsa kuti, “Akuba aja apita?”

Zofooka za luso ziliponso, koma ndi zoti munthu angazipirire. Akamajambulira panja mphepo imalowa m'mawu, ndipo pena wina akayang'ana kumbali mawu ake amathawa, mpaka ndimachita kuzimitsa mashini kuti timve. Usiku wawo ndi mdima weniweni, umangoona mano. Chimene sindinachikonde chiyambire ndi chiseko cha m'makina chomwe amachithira pamwamba, anthu osaoneka akuseka chikhakhali pambuyo pa mawu aliwonse. Ife tinakula ndi Izeki ndi Jakobo, ndipo palibe amene ankatiuza nthawi yosekera. Komabe ndinachizolowera ngati momwe umazolowerera phokoso la chigayo. Chisungeni m'mutu chiseko chimenechi, ndibwereranso.

Gawo la 7 ndinaliika Lachisanu masana, kutentha kwa Okutobala kuja kofika poti nyanja imangoti mbee ngati lata. Pa benchi panali asodzi awiri, mnyamata wa kabaza, mphunzitsi wa pa pulayimale, ndi madala ena ochokera ku Linga omwe ndimawameta ndevu akamachokera ku mzikiti. Mphindi 18 zoyambirira za gawo limeneli, ndinene mosabisa, ndi zoseketsa kuposa china chilichonse chomwe sewero limeneli linatulutsapo.

Nkhani yake ndi iyi. Tenanti wogulitsa kaunjika ali ndi ngongole ya miyezi itatu. Landilodi wabwera ndi loko m'manja kuti atseke chitseko. Mkuluyo poona kuti zathina, wangodzigwetsa pansi n'kuyamba kubuma kuti amalume ake atisiya kumudzi. Tonse tikudziwa kuti pa maliro sipaitanitsidwa ngongole. Landilodi wabisa loko kumbuyo, nkhope yagwa, ndipo amayi a pa mdadada ayala kale mphasa, nyimbo zayambika. Mbale ya chipepeso ikuzungulira. Yafika kwa landilodi anthu onse akumuyang'ana. Pamenepa ndi pomwe bambo uja anaonetsa ukatswiri wake. Dzanja likupita kuthumba, likubwerera, likupitanso. Watulutsa K5,000, waigwira mbali imodzi, mayi wosonkhetsa wagwira mbali inayo, akukokana mwaulemu nyimbo ili mkati. Itamupulumuka, walira mokweza kuposa namfedwa, amayi n'kumanong'onezana kuti bambowa ali ndi mtima wabwino, tinkangowaganizira zoipa. Msodzi mmodzi anatsika pa benchi n'kukhala pansi, misozi ili chuchuchu. Ine ndinaimitsa mashini kuopa kudula khutu la mwini.

Ndiye kukucha m'mawa, pageti pakugogoda munthu. Ndi amalume aja, amoyo, atanyamula tambala kukhwapa ndi kathumba ka mtedza pamutu, abwera kudzaona mwana wa mlongo wawo. Amayi balalabalala, wina kulowa m'bafa, mkazi wa landilodi kukomoka koma dzanja lili gwa pa chikwama chake. Landilodi yekha ndiye sanathawe. Wayandikira, wawayang'ana kuyambira kumapazi, n'kufunsa kuti, “Omwalira aja ndinu? Bwezani ndalama yanga.” Madalawo modekha, atakhala pa mpando, akuti, “Ndinamwalira liti? Nanga bwanji sanandiuze?” Atawafotokozera zonse, anasinkhasinkha pang'ono n'kugamula kuti ngati maliro anali awo, ndiye kuti chipepeso ndi chawonso, wina asachikhudze. Madala a ku Linga aja, munthu amene sindinamuonepo akuonetsa mano, anaseka mpaka kutsokomola.

Tsopano ndikuuzeni za munthu wina amene anali m'shopumo, yemwe sindinamutchule.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 14, wachialubino. Ali sitandade 8. Akaweruka amabwera kudzandithandiza kusesa tsitsi, kupukuta mashini ndi sipiriti, ndi kulandira ndalama za otchajitsa mafoni. Ndinamusankhira ntchito ya m'nyumba dala, chifukwa dzuwa la kunyanja kuno si mnzake. Khungu lake lilibe chija chimatipatsa ife kuda n'kutitchinjiriza ku dzuwa, choncho akangoyenda masana opanda chipewa ndi malaya a manja aatali, madzulo amakhala atapsa, milomo itang'ambika. Mafuta oteteza khungu amakalandira kuchipatala, ndipo akatha timasowa tulo, poti zilonda za dzuwa zimenezi ndi zomwe zimasanduka khansa ya pakhungu. Maso ake amanjenjemera ndipo saona patali, choncho akafuna kuonera sewero amaima pafupi penipeni ndi sikirini, chammbali, tsache lili m'manja. Makolo ake onse awiri ndi akuda ngati ine. Adokotala anatifotokozera kuti zimatengera magazi a mbali zonse ziwiri: bambo ndi mayi akakhala kuti onse anatengera kambewu kameneka kwa makolo awo, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wachialubino. Palibe tsoka, palibe mzimu, palibe mzungu amene anadutsa kuseri kwa nyumba. Sewero limeneli ankalikonda kuposa tonse, ndipo mawu a mlonda aja ankawanena asanatuluke.

Pa mphindi ya 19 landilodi wathamangitsa wa kaunjika uja, wakhoma chikwangwani pageti kuti nyumba ya lendi ilipo. Pakubwera mnyamata wofuna nyumba. Poyamba sindinamvetse chomwe ndikuona. Ndi munthu wakuda ngati ine, koma amupaka zoyera kumaso ndi m'manja, kaya ndi ufa kaya ndi paudala, kumutu amuveka chiwigi chachikasu, ndipo akuphethiraphethira mokokomeza, akupunthwa pa ndowa. Chiseko cha m'makina chija chinayamba asanatsegule n'komwe pakamwa. Landilodi wamuona, wagwira thumba la shati, koma ulendo uno akumwetulira. Wakweza maso kumwamba n'kunena kuti Mulungu wamva kulira kwake, K5,000 inapita koma taonani ndalama zabwera zokha ndi miyendo. Chiseko. Wamugwira dzanja ngati akupereka moni, n'kuyamba kuwerenga zala chimodzichimodzi akutchula mitengo. Chiseko. Wakuwira mlonda kuti adzuke, abweretse thumba ndi chikwanje. Mlonda wadzidzimuka, wayang'ana, n'kutulutsa liwu lija lomwe ana amakuwira mwana wa mlongo wanga panjira, napweri. Mnyamata wopakidwa ufa uja wathawa, wagwera mu ngalande, chiseko chafika pachimake, kenako nyimbo. Zonsezi sizinakwane mphindi zitatu.

M'shopu munangoti zii. Anthu osaoneka aja ankaseka okha m'sipika. Wa kabaza anayamba kuseka, koma atatembenuka n'kuona yemwe waima pafupi ndi sikirini, chiseko chinamufera pakhosi. Mphunzitsi anayang'ana pansi. Ine ndinali ndi mashini kudzanja lamanja, rimoti ili patebulo, ndipo ndivomere kuti ndinachedwa. Ndinkangoti mwina akhota, mwina mkazi wa landilodi atulukira n'kumuwaza mwamuna wake mbama, mwina mnyamatayo ayankha. Pomwe ndinkatambasula dzanja kuti ndizimitse, mwana uja anati, “Amalume, musazimitse. Ndinazolowera.” Anaweramanso n'kupitiriza kusesa pamalo pomwe anali atasesa kale.

Madala a ku Linga anadzuka ndevu zili mbali imodzi, n'kuika ndalama patebulo. Ndinati, “Bambo, sindinamalize.” Anati, “Ndibwera mawa, mwana wanga. Lero zandikwana.”

Kwa amene mukuwerenga muli kutali, kapena munali ana pomwe zinkachitika, mawu akuti “ndalama” akaponyedwa kwa munthu wachialubino m'Malawi muno si chipongwe wamba. Ali ndi magazi. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 anthu achialubino anayamba kusakidwa ngati nyama, kubedwa, kuphedwa, kudulidwa ziwalo, manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Mu Epulo 2016 kunabwera Ikponwosa Ero, katswiri wa United Nations pa za ufulu wa anthu achialubino, yemwe nayenso ndi wachialubino, ndipo anachenjeza kuti zikapitirira chonchi anthu amenewa adzatha m'dziko muno. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango. Koma sizinathere pomwepo. Usiku wolowera chaka cha 2019, ku Kande m'boma la Nkhata Bay, mu msewu womwewu wa M5 umene ukudutsa kuseri kwa shopu yanga, bambo wina anaphedwa m'nyumba mwake mwana wake wamng'ono akuona. Mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018, unatha mu 2022 khoti lalikulu litapeza anthu 12 olakwa, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wachipatala, ndi mbale wake weniweni wa malemuyo. Taganizirani mndandanda umenewo. Ndi anthu onse amene mwana amauzidwa kuti akaona zoopsa athawireko.

Zaka zimenezo mlongo wanga ankagona mwana atamumangirira nsalu kudzanja lake, kuti wina akamukoka adzidzimuke. Alamu anga anakhoma zitsulo pazenera ndi ndalama yomwe inali ya feteleza. Kusukulu tinkasinthana kumuperekeza, ine m'mawa, bambo ake masana. Mu 2019 boma linagawa timaalamu toti munthu wachialubino aziliza akaona zoopsa, ndipo ndikukumbukira momwe tinakhalira tikukayang'ana kachipangizoko, osadziwa kuti tithokoze kapena tilire. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Ochuluka chonchi, olemba sewero anaganiza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene adzakhale ataima pafupi ndi sikirini? Thumba ndi chikwanje sanazipeke iwo. Anazitola m'milandu ya kukhoti n'kuzithira chiseko pamwamba.

Mwana atapita kwawo, tinatsala tikukangana ndi wa kabaza uja. Ndi mnyamata wabwino, ndipo kangapo konse ananyamulapo mwana yemweyu ulere dzuwa likaswa mtengo. Iye amati, “Akulu, ndi nthabwala chabe. Komanso akunyozedwa pamenepo ndi landilodi, akuonetsa kuti ndi wadyera mpaka kufuna kugulitsa munthu.” Mfundo imeneyi ndinaitafuna usiku wonse, chifukwa si yopusa. Sewero likhoza kuonetsa munthu woipa akunena zoipa, ndipo pena ndi njira yabwino yochititsira manyazi anthu oganiza chomwecho. Koma ukafuna kudziwa amene akusekedwa, uyang'ane amene wagwera mu ngalande. Landilodi anatsala chilili, akumwetulira, palibe amene anamudzudzula, ndipo gawo likutha iye osalipira kanthu pa zomwe ananena. Pa nkhani ya chipepeso anamulanga, anataya K5,000 ndi ulemu womwe. Pa nkhani ya kuwerenga zala za munthu sanamukhudze. Ndipo chiseko cha m'makina chija, chimene chimaikidwa ndi munthu atakhala pa kompyuta n'kusankha kuti apa asekepo, anachiika pa nkhope yopakidwa ufa, pa kuphethira, pa kupunthwa. Chimenecho ndiye chidindo chawo. Sangakane kuti sankadziwa komwe chiseko chikulowera.

Ife Achewa nthabwala zowawa timazidziwa, musatiyese anthu a mitima ya mazira. Msuweni wako akhoza kukunena pagulu kuti mutu wako uli ngati chipanda, n'kukulanda nkhuku, iwe osakwiya. Adzukulu kumanda amaseka, amatsanzira kayendedwe ka malemu anamfedwa ali pomwepo, ndipo pena chiseko chimenecho ndi chomwe chimatsitsa mtima. Kuno ku Nkhotakota timanyozana tsiku ndi tsiku ndi anzathu ochokera kumtunda. Iwo amati kondowole wathu ndi ulimbo womatira bwato, ife timati iwo akaona nyanja amafunsa kuti mwini damu ili ndani. Koma chisuweni chili ndi lamulo lake: wonenedwayo ali ndi pakamwa, ndipo mawa abweza. Mumanyozana muli ofanana msinkhu, ndipo mukatha mumadya mbale imodzi. Mnyamata wa mu sewero uja sanapatsidwe liwu ndi limodzi lomwe. Anangobwera kudzawerengedwa zala n'kuthawa. Amenewo si masewera a pachisuweni, ndi aja a ana ogenda galu womangirira.

Ndisadziyeretse. Mu gawo lachitatu muli munthu wachibwibwi wogulitsa makala, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindinaganizeko kuti mwina pa benchi pali wina amene amaopa kutsegula pakamwa pagulu chifukwa cha zomwezo. Zinanditengera kuti mkondo ulase m'nyumba mwanga kuti ndiyambe kuyang'ana bwino. Nditabwereza kuonera, ndinaona kusiyana kwake, ngakhale sikukundichotsera mlandu wonse: wa makala uja pamapeto ndiye amapambana, amamugulitsa landilodi thumba lodzaza miyala pansi, ndipo chomwe umaseka kwambiri ndi kupusa kwa wogula. Ndiye kuti olembawa njira amaidziwa. Pa gawo la 7 anangochita ulesi, kapena anali ataona kuti mphindi zitatu zikuperewera n'kutola chomwe chinali pafupi.

Chondinyansa china ndi ufa uja. Anthu achialubino odziwa kusewera alipo, oimba alipo, aphunzitsi alipo. Ngati nkhani inkafuna munthu wachialubino, bwanji sanaitane mwini khungu? Yankho ndikulidziwa: akanamupatsa pepala kuti awerenge zomwe akufuna achite, akanawaponyera kumaso. Pamene sewero likuchita kupaka munthu ufa chifukwa mwini wake sangavomere, pamenepo pokha panayenera kuwadzutsa. Ndipo ife a boma lino zimatikhudza mwapadera. Mu 2021, pa chisankho chapadera, anthu a dera la Nkhotakota North East anasankha Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, munthu woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino, yemwe kale ankatsogolera bungwe la anthu achialubino la APAM. Za chipani chake ndi ntchito zake aliyense ali ndi maganizo ake, pa benchi panga zimakambidwa mpaka kutukwanizana. Koma tsiku lomwe ankalumbira, mwana wa mlongo wanga anaima pafupi ndi sikirini yomweyi, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi, n'kundifunsa kuti, “Amalume, ndiye kuti akalankhula onsewo amakhala chete?” Sikirini yomweyo ndi yomwe inadzamuonetsa thumba ndi chikwanje.

Akanafuna, mphindi zitatu zimenezo zikanakhala zokoma kuposa zonse. Tangoganizani mnyamata wachialubino weniweni akubwera kudzafuna nyumba, landilodi akuyamba zake zija, ndiye mnyamatayo modekha akutulutsa chiphaso n'kunena kuti wachokera ku khonsolo, wabwera kudzaona chifukwa chake mdadada wonse uli ndi chimbudzi chimodzi. Dzanja la landilodi likuthamangira kuthumba la shati. Pamenepo tikanagwa pa benchi tonse, ndipo woyamba kugwa akanakhala wa tsache uja. Ine ndine wometa chabe, ndaiganiza ndikusesa. Iwo ndi ntchito yawo.

Asodzi amati nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Pa sewero ili sindikufika pamenepo, koma fungo lilipo. Magawo 1 mpaka 6 ndi abwino, ndipo 8 ndi 9 ndinawaonera ndekha usiku ndisanawaike pagulu, chinthu chomwe kale sindinkachita. Ndi oyera, ndipo la 9, lomwe mlonda akwatira, ndi lokoma. La 10 ndi lozizira koma lilibe chonyansa. Vuto ndi loti tsopano ndimaonera ngati munthu amene walumapo mwala mu mpunga: ngakhale mbale yotsatira ikhale ya kilombero wopetedwa bwino, umatafuna mochenjera, ndipo kukoma kumachepa. Landilodi akagwira thumba la shati anthu amasekabe, ine ndimakumbukira kumwetulira kuja.

Ngati mukufuna kugula, gulani, K1,500 yanu siipita pachabe. Koma gawo la 7 musaliike pomwe pali ana, kaya akhungu lanji, chifukwa ana satola phunziro, amatola mawu. Sabata yomweyo ndinamva tiana tiwiri kuseri kwa msika tikuwerengana zala n'kumatchula mitengo, tikuseka. Makolo awo mwina sadziwa n'komwe komwe anazitenga. Eni mavidiyo sho, inu amene mumadzaza ana pa K100, ndikupemphani muliwone kaye nokha.

Lolemba ndinabwerera kwa mnyamata wobena uja ndi fulashi yanga. Ndinamufotokozera, ndipo anati, “Bwana, ine ndimangokopa, sindionera zonse.” Ndinamufunsa ngati angathe kudula. Anatsegula pa kompyuta yake, tinasaka pomwe landilodi akukhoma chikwangwani, n'kudula kuyambira pamenepo mpaka pomwe nyimbo ikuthera. Anandilipiritsa K500. Titaonera, chikwangwani chikukhomedwa, kenako tikuona mkazi wa landilodi akusosola tambala wa amalume aja, akuuza mwamuna wake kuti munthu amene wabweretsa ndiwo sathamangitsidwa, achotse chikwangwanicho. Palibe chosowa. Palibe poti munthu angafunse kuti apa panali chiyani. Mnyamatayo anasunga kope lodulalo, akuti ndi lomwe azipatsa anthu, ngakhale sindingalumbire kuti akuchitadi.

Madala a ku Linga anabweradi kudzamalizitsa ndevu zawo, ndipo ndinawaikira lodulalo. Anasekanso pa “Ndinamwalira liti?” ngati akumva koyamba. Mwana wa mlongo wanga anali pomwepo. Pofika pa chikwangwani ndinamuona akuumitsa mapewa, tsache lili chilili, kudikira. Zitadutsa anandiyang'ana, sananene kanthu. Kuyambira tsiku limenelo sewero likayamba amapita kukakhala pakhomo, kumbali ya mthunzi, n'kumawerengera ndalama za mafoni. Mawu a mlonda aja sanawatchulenso.